Batire lachiwiri la zokuzira mawu

Batire lachiwiri la zokuzira mawu ndi batire lowonjezera limene limaikidwa pa galimoto kapena pa boti la injini kuti lizipereka moto ku wailesi, ampulifaya ndi masipika, pamene batire loyamba lasiyidwa kuti ligwire ntchito yoliza injini basi. Batireli silipanga magetsi ayi. Limangosunga moto umene injini kapena sola yapanga, ndipo limatchinjiriza batire lolizira injini kuti lisathe moto. Choncho kufunika kwake sikudalira kukula kwa masipika kokha. Kumadalira kwambiri zinthu ziwiri: kutalika kwa nthawi imene nyimbo zimalira injini itazimitsidwa, ndiponso kukula kwa vuto limene lingagwe ngati injiniyo yakana kulira pambuyo pake.

Komwe nkhaniyi imapezeka

M'maboma a Dowa ndi Ntchisi, m'chigawo chapakati cha Malawi, zokuzira mawu zoyenda pa galimoto zimaoneka kawirikawiri. Zimamveka pa maukwati ndi zinkhoswe m'nyengo ya pambuyo pokolola, pa misonkhano ya mipingo, pa masiku a msika ku Mponela, Madisi, Mvera ndi Malomo, pa kulengeza za katemera ndi za sikelo ya ana, komanso pa misonkhano yokopa anthu chisankho chikayandikira. Midzi yambiri ya m'mapiri amenewa ili kutali ndi mawaya a ESCOM. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti m'dziko lonse ndi pafupifupi banja limodzi mwa mabanja khumi limene linkaunikira nyumba ndi magetsi a ESCOM, ndipo ambiri mwa mabanja amenewo anali a m'tauni. Motero mwini zokuzira mawu akafika pabwalo la m'mudzi, moto amautenga ku jenereta, ku batire lotchajidwa ndi sola, kapena ku batire la galimoto imene yanyamula katunduyo.

Maboma awiriwa alibe nyanja, koma kum'mawa kwake mtunda umatsetserekera ku Salima ndi ku Nkhotakota, kumene kuli magombe a nyanja ya Malawi. Kumeneko funso lomweli limafunsidwa pa maboti onyamula alendo ku Senga Bay ndi malo ena achisangalalo, komanso pa maboti a asodzi amene masiku ano amaunikira usipa ndi mababu a batire m'malo mwa nyali za parafini. Masamu a galimoto ndi a boti ndi amodzi. Kusiyana kuli pa zotsatira zake batire likatha.

Mmene moto umayendera

Magalimoto ang'onoang'ono ndi maboti ambiri amagwiritsa ntchito magetsi a ma volt 12. Batire la mtovu ndi asidi lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse chopereka ma volt opitirira pang'ono 2. Batire lodzaza limene lapumula kwa maola angapo limasonyeza pafupifupi ma volt 12.6 kapena 12.7. Likafika pa 12.2 ndiye kuti latsala ndi theka la moto wake, ndipo likatsika pansi pa 12.0 latsala pang'ono kutheratu.

Poliza injini, sitata imakoka moto wambiri kwa kanthawi kochepa, ma amp oposa 100 pa galimoto yaing'ono ya petulo, ndipo kuposa pamenepo pa injini ya dizilo. Injini ikalira, ntchito imasamukira ku alternator, makina ozunguzidwa ndi lamba wa injini. Makinawa amakweza magetsi kufika pakati pa ma volt 13.8 ndi 14.4, n'kumadyetsa nyali, wailesi ndi zina zonse, ndipo moto wotsalawo ndi umene umabwerera m'batire. Pa magalimoto ang'onoang'ono alternator imatha kupereka ma amp apakati pa 60 ndi 120, koma kuchuluka kumeneku kumafikiridwa injini ikamathamanga. Ikangolira galimoto itaima, moto wotuluka umachepa kwambiri.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Injini ikamalira, gwero la moto ndi alternator. Ngati zokuzira mawu zikudya moto woposa umene alternator ikupanga, mabatire amatha ndithu, kaya ndi limodzi kaya ndi awiri. Batire lachiwiri limangochedwetsa kuthako, ndipo likakhala lopanda moto limasanduka katundu wina woti alternator yomweyo idyetse. Lili ngati nkhokwe yachiwiri pakhomo: imathandiza kusunga chimanga cha m'miyezi yovuta, koma siikulitsa munda.

Kuwerengera moto umene zokuzira mawu zimadya

Masipika paokha satenga moto ku batire. Chimene chimadya moto ndi ampulifaya. Poyamba pamafunika kudziwa mphamvu yeniyeni ya ampulifayayo. Manambala akuluakulu olembedwa pa makatoni, makamaka amene amatsagana ndi zilembo za PMPO kapena mawu akuti Max, ndi okopera ogula. Nambala yodalirika ndi imene ili ndi zilembo za RMS. Njira ina yachidule ndiyo kuyang'ana fyuzi ya ampulifaya. Ampulifaya yolembedwa kuti ndi ya ma watt 3000 koma ili ndi fyuzi ya ma amp 30 siingakoke moto woposa ma watt pafupifupi 420, chifukwa 30 kuchulukitsa ndi ma volt 14 ndi 420. Ikanapitirira pamenepo kwa nthawi yaitali, fyuziyo ikanapsa.

Si moto wonse wolowa mu ampulifaya umene umasanduka mawu. Wina umatayika ngati kutentha. Ma ampulifaya a mtundu wa Class AB amataya pafupifupi theka la moto umene akoka, pamene a Class D amataya gawo limodzi mwa magawo asanu kapena kucheperapo. Komanso nyimbo sizikoka moto mofanana nthawi zonse. Ng'oma ndi besi zikagunda moto umakwera, pakati pake umatsika. Pa nyimbo zokwezedwa kwambiri, moto wodyedwa ukauphatikiza umakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu yonse ya ampulifaya. Munthu wolankhula pa maikolofoni amadya moto wochepa kuposa pamenepa.

Chitsanzo chingakhale ampulifaya ya Class D ya ma watt 600 RMS. Itatsegulidwa mpaka kumapeto imakoka ma watt pafupifupi 750, omwe pa ma volt 12.5 ndi ma amp 60. Pa nyimbo zaphokoso, tinene kuti ikudya ma amp 15 mpaka 20 mosalekeza. Kukula kwa batire kumayezedwa ndi nambala ya Ah, imene imanena ma amp amene batire lingapereke kuchulukitsa ndi maola. Batire la N70 limasunga pafupifupi 70 Ah, koma batire la mtovu siliyenera kukhetsedwa kupitirira theka, choncho moto wogwiritsa ntchito ndi 35 Ah. Umenewu ndi wa maola awiri okha. Batire laling'ono la NS40, limene limapezeka m'magalimoto ambiri ang'onoang'ono ochokera ku Japan, limasunga pafupifupi 35 Ah, ndipo pa nyimbo zomwezo lingafike pa theka pasanathe ola limodzi ndi theka.

Mwambo wa ukwati woyamba masana n'kutha dzuwa litalowa umatenga maola asanu ndi limodzi kapena kuposa. Pa ma amp 20, pamafunika 120 Ah ya moto wogwiritsa ntchito, kutanthauza mabatire a mtovu osunga 240 Ah onse pamodzi. Masamuwa amasonyeza kuti pa zochitika zotalika chonchi ngakhale batire lachiwiri limodzi silikwanira.

Mitundu ya mabatire

Batire la mtovu ndi asidi linapangidwa koyamba ndi Gaston Planté wa ku France mu 1859, ndipo mu 1881 Camille Faure anakonza njira yopaka phala la mtovu pa mapuleti ake, imene inachititsa kuti lizipangidwa mochuluka. Masiku ano pali mitundu iwiri ikuluikulu.

Batire lolizira injini lili ndi mapuleti ambiri opyapyala. Limatulutsa moto wochuluka kwa masekondi ochepa, kenako limafuna kudzazidwa nthawi yomweyo. Likamakhetsedwa mpaka pansi mobwerezabwereza, mapuleti ake amayoyoka ndipo limafa pakangopita miyezi yochepa. Batire lotchedwa deep cycle, limene anthu ambiri amalidziwa ngati batire la sola, lili ndi mapuleti ochindikala. Limapereka moto pang'onopang'ono kwa maola ambiri, ndipo limapirira kukhetsedwa kufika pa theka nthawi mazanamazana. Batire lachiwiri la zokuzira mawu liyenera kukhala la mtundu umenewu. Ena mwa mabatirewa ndi otsekeratu, a AGM kapena a gel, amene sataya asidi ngakhale atapendekeka, ndipo n'chifukwa chake amayenerera pa boti ndi pa misewu ya mabampu.

Palinso mabatire a lithium a mtundu wa LiFePO4. Ndi opepuka, ndipo amalola kugwiritsa ntchito magawo asanu ndi atatu mwa magawo khumi a moto wake kapena kuposa. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo salumikizidwa mwachindunji ku alternator popanda chotchajira chake chapadera, chifukwa akatha amakoka moto wambiri nthawi imodzi moti alternator ingatenthe n'kupsa.

Pamene likufunika ndi pamene silikufunika

Batire lachiwiri silifunika pa galimoto imene nyimbo zimalira pokhapokha ikuyenda, ngati ampulifaya yake ndi yaing'ono moti alternator ikuikwanitsa. Minibasi ya pakati pa Lilongwe ndi Mponela yokhala ndi wailesi ndi masipika anayi ili m'gulu limeneli. Ngati nyali zikuphethira besi ikagunda, kawirikawiri vuto limakhala waya woonda, polumikizira pa dzimbiri, lamba wa alternator wokhwepa, kapena batire lokalamba. Zimenezi zimafunika kukonzedwa kaye munthu asanaganize zogula batire lina. Kachipangizo kotchedwa capacitor, kamene ena amaika pafupi ndi ampulifaya, kamasunga moto wa kanthawi kosakwana sekondi, ndipo sikalowa m'malo mwa batire.

Batire lachiwiri limafunika ngati zokuzira mawu zimalira kwa nthawi yoposa theka la ola injini itazima, monga zimachitikira galimoto yolengeza uthenga ikaima pamsika kapena pabwalo la mfumu. Limafunikanso ngati galimotoyo ndi yosintha yokha magiya. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi madalaivala anazolowera kuimika galimoto potsetsereka kuti batire likafooka angoitsetsereza kapena kuikankha n'kulira. Nzeru imeneyi imagwira pa galimoto ya giya wa pamanja basi. Magalimoto ambiri ogulidwa ku Japan masiku ano ndi osintha okha magiya, ndipo salira ndi kukankha. Batire lawo likatha m'mudzi wakutali, mwini wake amadikira galimoto ina kapena kunyamula batirelo pa njinga kupita nalo kotchajitsa. Kuzizira kwa m'mawa m'miyezi ya June ndi July kumawonjezera vutoli, chifukwa batire lozizira limatulutsa moto wochepa pamene injini yozizira imafuna moto wambiri.

Ena amasiya injini ikulira mwambo wonse kuti batire lisathe. Njirayi imamwa mafuta ambiri, ndipo poti alternator imapanga moto wochepa galimoto itaima, batire likhoza kumathabe pang'onopang'ono osadziwika mpaka injini itazimitsidwa.

Pa boti

Pa nyanja yankho limapendekera kwambiri ku batire lachiwiri, pa zifukwa zitatu. Choyamba, pa boti nyimbo zimalira kwambiri nthawi imene injini yazimitsidwa, boti litaponya nangula pafupi ndi chilumba kapena pagombe. Chachiwiri, injini za maboti zokolekedwa kumbuyo zimapanga moto wochepa poyerekeza ndi za galimoto. Injini zing'onozing'ono za mtundu wa Yamaha Enduro, zimene n'zofala pakati pa asodzi a nyanja ya Malawi, zimapereka ma amp owerengeka okha, ndipo zina zilibe n'komwe chotchajira batire. Injini yopereka ma amp 6 ingafunike kuyenda maola oposa asanu ndi limodzi kuti ibweze 35 Ah imene nyimbo zadya m'maola awiri. Chachitatu, boti silikankhidwa. Injini ikakana kulira pakati pa madzi, boti limatengedwa ndi mphepo, ndipo m'miyezi yozizira mphepo ya mwera imatha kuutsa mafunde akulu m'kanthawi kochepa. Batire lomwelo ndi limene limayatsa nyali za usiku ndi pampu yotulutsa madzi, pa maboti amene ali nazo.

Pali kusiyana pakati pa injini zolizidwa ndi chingwe ndi zolizidwa ndi kiyi. Injini yokoka ndi chingwe siidalira batire kuti ilire. Pa boti lotero batire limodzi la deep cycle lotchajidwa kumtunda lingakwanire zokuzira mawu, ndipo likatha chimene chatayika ndi nyimbo zokha, bola nyali zikhale ndi moto wakewake. Injini zikuluzikulu zamakono zolizidwa ndi kiyi zimadalira magetsi pa pampu ya mafuta ndi pa kompyuta yake, choncho batire likafooka sizilira. Pa maboti amenewa, ampulifaya iliyonse yamphamvu imayenera kukhala ndi batire lakelake.

Kalumikizidwe

Kungomangirira mabatire awiri pamodzi ndi mawaya, pulasi ku pulasi ndi mainasi ku mainasi, kumapanga batire limodzi lalikulu. Nyimbo zimatalika, koma onse awiri amathera limodzi, ndipo cholinga chosunga moto wolizira injini chimalephereka. Komanso ngati lina ndi lakale, limakoka moto wa latsopanolo mpaka kulifoola. Pamafunika chinthu chowalekanitsa.

Njira yofala pa magalimoto ndi relay yomva kukwera kwa magetsi, yodziwika ndi zilembo za VSR. Injini ikalira magetsi n'kukwera kufika pafupifupi ma volt 13.3, relay imalumikiza mabatire awiriwo kuti atchajidwe limodzi. Injini ikazima magetsi n'kutsika kufika pafupifupi 12.8, imawalekanitsa yokha. Njira yotsika mtengo ndi relay yamphamvu yoyatsidwa ndi kiyi wa galimoto, koma imasiya mabatire ali olumikizana ngati kiyi waiwalika ali woyatsa. Njira yodula, imene imadzaza bwino batire lachiwiri, ndi chotchajira cha DC-DC, chimene chimaika malire pa moto wochoka ku alternator.

Pa maboti pamakhala siwichi yozungulira yolembedwa 1, 2, BOTH ndi OFF. Woyendetsa amalizira injini pa batire loyamba, amaika pa BOTH poyenda kuti onse atchajidwe, ndipo akaima amasamutsira pa lachiwiri. Siwichi imeneyi imadalira kukumbukira kwa munthu. Ikaiwalika pa BOTH mabatire onse amatha, ndipo ikapititsidwa pa OFF injini ikulira imatha kuwononga chotchajira cha injiniyo.

Malole a mabatire awiri

Malole ambiri a dizilo, amene ndi omwe amanyamula masipika akuluakulu pa misonkhano, ali kale ndi mabatire awiri. Awa si batire loyamba ndi lachiwiri m'lingaliro la nkhani ino. Ndi olumikizidwa mondondozana kuti apereke ma volt 24, ndipo sitata imafuna onse awiri. Anthu ena amatenga ma volt 12 pa limodzi mwa mabatirewa kuti adyetse ampulifaya kapena inveta. Zikatero batire limenelo limakhala losadzaza nthawi zonse pamene linzake limatchajidwa mopitirira muyezo, ndipo onse awiri amafa msanga. Njira yoyenera ndi chipangizo chotsitsa magetsi kuchoka pa 24 kufika pa 12, kapena inveta yopangidwira ma volt 24.

Njira zina

Zokuzira mawu zambiri za pa maukwati ndi m'matchalitchi zinapangidwira magetsi a m'nyumba a ma volt 230. Kuti zigwire pa batire pamafunika inveta, imene nayonso imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a moto kapena kuposa. Pa mwambo wa tsiku lonse jenereta ndiyo imakwanitsa, ndipo batire limakhala lothandiza pa nthawi yothira mafuta kapena jenereta ikazima. Jenereta imaikidwa panja, patali ndi anthu, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha.

Sola imathandiza kudzaza batire lachiwiri pa masiku apakati pa zochitika. Sola ya ma watt 100 imapereka ma amp 5 kapena 6 dzuwa likawala bwino, ndipo pa tsiku lonse ingabweze 25 mpaka 30 Ah. Pa masiku a mitambo ndi nkhungu, amene sasowa m'mapiri a Ntchisi, imapereka moto wochepa. Kusintha ampulifaya ya Class AB n'kugula ya Class D kumachepetsanso moto wodyedwa popanda kuchepetsa mawu.

Chitetezo ndi kasamalidwe

Batire lingatulutse ma amp mazana ambiri waya wa pulasi akakhudza chitsulo cha galimoto, ndipo waya amayaka m'masekondi ochepa. N'chifukwa chake waya aliyense wochoka ku pulasi amaikidwa fyuzi pafupi ndi batire. Malamulo a bungwe la American Boat and Yacht Council amanena kuti fyuziyo ikhale pa mtunda wosapitirira mainchesi 7, omwe ndi pafupifupi masentimita 18. Waya wolumikiza mabatire awiri amafuna fyuzi mbali zonse ziwiri, popeza moto ungachokere kulikonse. Pa ma amp 60 pamafunika waya wa kopa wonenepa, wa 16 kapena 25 mm² malinga ndi kutalika kwake. Mawaya otsika mtengo a aluminiyamu wokutidwa ndi kopa amaoneka ngati a kopa weniweni, koma amadutsitsa moto wochepa ndipo amatentha msanga.

Batire la madzi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen, umene umaphulika ukakumana ndi moto. Siliyenera kuikidwa pansi pa mpando wa anthu m'malo otsekeka, kapena pafupi ndi zigubu za petulo m'boti. Limamangidwa mwamphamvu m'bokosi lokhala ndi mpata wa mpweya, chifukwa batire lolemera makilogalamu 20 kapena 30 likasuntha pa msewu wa miyala kapena pa mafunde limadula mawaya ndi kutaya asidi. Madzi ake akatsika amawonjezeredwa madzi a batire ogula, osati a pachitsime kapena a m'nyanja. Likagwira ntchito liyenera kudzazidwa tsiku lomwelo kapena lotsatira, poti batire la mtovu losiyidwa lopanda moto kwa milungu limauma mapuleti ndipo silidzazanso bwino. Batire lakufa silitayidwa kudzala kapena kuswedwa pakhomo, chifukwa mtovu ndi poizoni woopsa makamaka kwa ana. Limabwezedwa kwa ogulitsa kapena ogula mabatire akale.

Kachipangizo koyezera ma volt, kamene kamagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto ndi za sola, kamathandiza mwini zokuzira mawu kudziwa nthawi yoleka. Pa galimoto kapena boti la batire limodzi, nambala ikayandikira 12.2 nyimbo zimayenera kuzimitsidwa ndipo injini ilizidwe. Pamene pali mabatire awiri olekanitsidwa bwino, lachiwiri likatha nyimbo zimasiya, koma injini imalira.